Nsapato za Apongozi

"Abakha awa achoke pakhomo panga lero lomwe! Wamva, Estina? Sinifuna kuona olo nthenga yawo."

Amai Kalekeni anaima pakati pa bwalo, dzanja lina m'chiuno, lina likuloza abakha amene ankafufuza m'matope kuseri kwa nkhokwe, osadziwa n'komwe kuti ali pa mlandu. Estina, mkamwana wawo, anali pakhonde akuyamwitsa khanda la masabata atatu. Analikuta ndi chitenje mpaka kumapazi ngakhale kunja kunali kutayamba kale kutentha.

"Amai, abakha alakwa chani?" anafunsa motsitsa mawu.

"Funsa mimba yako! Ndani anakutuma kudya bakha uli na pakati? Kwanu kulibe akulu okuuza? Ona manje chamene watibalira. Pa mtundu wathu sitinaonepo za so."

"Ni mwana, amai, si chinthu. Dzina lake ni Chipo."

"Dzina wapatsa ndiwe, uziitana ndiwe. Ine sinipatsa dzina kabakha."

Mawu amenewo anamupweteka Estina kuposa mbama, ndipo anamupweteka kwambiri chifukwa mumtima mwake nayenso ankadzigamula. Bakhayo anadyadi. Panali pa Khirisimasi, kwa amalume ake kufupi ndi Mpanshya, mimba ili ndi miyezi isanu ndi umodzi. Ndipo mwana anabadwadi mosiyana ndi anzake. Kuseri kwa mawondo onse awiri kunali khungu lokokeka ngati chingwe cha uta, kuchokera pantchafu mpaka kuchitendene, moti timiyendo take sitinkawongoka. Zala za kuphazi zinali zomatana. Kwina konse anali mwana ngati ana onse, woyamwa mwadyera, wa maso otuwa ngati a bambo ake, ndi timaenje tiwiri pa mlomo wa m'munsi.

Timaenje timeneti sitinali chachilendo pakhomopo. Amai Kalekeni anali nato, mwana wawo Bornface analinso nato, ndipo ankatinyadira n'kumatitcha tizitsime ta mtundu wawo. Kunena zoona, n'timene tinamukopa Estina tsiku limene Bornface anamufunsira pa msika wa pamsewu.

Bornface yemweyo anali pomwepo, atagwada pansi pa mtengo wa mango akupopa tayala la njinga. Tayalalo linali litakhuta kalekale, koma iye ankapopabe, popeza munthu amene akupopa njinga safunsidwa maganizo.

"Ba Bornface, simuzakambako?" anatero Estina.

"Amai akamba, ine nizakamba chani? Abakha apite chabe, nkhani ithe."

Anamanga thumba la makala pa kaliyala n'kulunjika kumsewu waukulu. Nkhani sinathe, koma abakha anathadi. Pofika madzulo onse anali atamangidwa miyendo n'kugulitsidwa kwa anthu a m'basi ya ku Chipata. Estina anabwera ndi awiri okha kuchokera kwawo, n'kuwasamala mpaka kudzaza khola, ndipo palibe anamufunsa.

Amai Kalekeni anabwerera kunyumba kwawo akutsimphina pang'ono monga mwa masiku onse, nsapato zawo zachinsalu zili phwa phwa. Nsapato zimenezi mudzi wonse wa Chinyunyu unkazidziwa. Kumunda nazo, kuchitsime nazo, ndipo ngakhale m'nyumba ya maliro, mmene amayi onse amakhala mapazi pamtunda, iwo ankavula nsapato n'kutsala ndi masokosi. Chibwerereni kuchokera ku Petauke, Bornface ali kumsana, palibe anawaonapo akuponda pansi. Ngakhale chaka cha chimanga chachikasu, anthu akugulitsa ndi mbale zomwe, iwo anapeza njira yogulira nsapato. Azimayi ankati ndi matama, n'kumawatcha a Misisi akapotoloka.

Lamulo la apongozi linali loti mwana azikhala wokutidwa ndi chitenje ndipo asaoneke pamsewu. Estina analisunga kwa kanthawi, kenako tsiku lina apongozi atapita kukapalira mbatata, anabereka Chipo n'kukwera minibasi ya ku Mpanshya.

Kuchipatala cha mishoni dokotala anamugoneka mwana patebulo n'kumuyang'ana nthawi yaitali, akukoka timiyendo pang'onopang'ono. Sananyansidwe, sanadzidzimuke. Kenako anagwira kamlomo ka mwanayo n'kulankhula Chingerezi, ndipo sista wina wonenepa, wa mawu aakulu, ankamasulira.

"Afunsa ati, kunyumba kuli wina wamene ali na tumaenje utu pa mlomo?"

"Atate ake ali nato. Na ambuye ake."

Dokotala anagwedeza mutu ngati munthu amene wapeza chimene amafuna.

"Ati ni chinthu chimodzi," anatero sista. "Tumaenje utu, na khungu ili la kumawondo, na zala izi, zonse ziyenda m'magazi. Wina atenga pang'ono chabe, pa mlomo basi. Wina atenga maningi. Si matenda opatsana, si ufiti. Mutu wake uli bwino, azaphunzira monga anzake."

Funso limene linamulemera Estina njira yonse linatuluka lokha.

"Sista, nanga bakha? Ninadya bakha nili na mimba."

"Iwe mwana iwe! Ine mimba zanga zonse zinayi ninadya abakha, na mutu womwe. Ana anga athamanga monga agwape. Chotsa izo mumtima."

Anamuuzanso kuti ku chipatala chachikulu ku Lusaka kuli madokotala amene angathe kumasula khungulo pang'onopang'ono mwana akadali wamng'ono, ngakhale kuti si ntchito ya tsiku limodzi, popeza mkati mwake mumadutsa mtsempha wofunika. Akachedwa, mawondo adzauma chopindika. Koma ankafuna bambo a mwana apite nawo kukavomereza, ndiponso akanakonda kuona abale onse amene ali ndi timaenje tija.

Estina anatuluka pageti ali wopepuka ngati watula mtolo wa nkhuni. Analira pang'ono podikira galimoto, kulira kwa chimwemwe, osadziwa kuti uthenga wabwinowo ndiwo ukakoleze moto kunyumba.

Anamupeza Bornface akusanja matimati pa thandala lake la pamsewu, n'kumufotokozera zonse. Bornface anamvetsera, chala chake chikupita chokha pa mlomo wake.

"Ati ni ine?"

"Sanakambe kuti ndimwe wolakwa. Ati ni magazi chabe. Tiyeni ku Lusaka, ba Bornface. Mwana angayende."

"Nanga bakha uja?"

"Bakha uja ntchafu yake munanipatsa ndimwe, na dzanja lanu. Mwaiwala?"

Sanaiwale. Anayang'ana matimati ake, n'kunena kuti akambirana ndi amai. Estina anadziwiratu kuti zathera pomwepo, chifukwa Bornface akati akambirana ndi amai ankatanthauza kuti akamva kwa amai.

Amai Kalekeni atamva, Estina anaona chinthu chimene sanachionepo pankhope pawo. Anatuwa milomo. Koma sizinatenge nthawi, ukali unabwerera kawiri.

"Wanyamula manyazi athu kukaonetsa pamsewu, manje wabwela kutipaka ise? Tizitsime ta mtundu wanga ndiye wasandutsa matenda? Bornface, uyu mkazi watukwana mai wako, watukwana na ambuye ako ali kumanda. Itana ankhoswe. Atenge kanthu kake apite kwawo."

"Amai, wakamba ni dokotala," anayesa Bornface.

"Dokotala anakubala ndiye? Sankha, iwe. Mkazi ungapeze pa msika uliwonse. Mai ni mmodzi."

Uthenga unatumizidwa kwa ankhoswe a mbali zonse kuti adzakumane Loweruka la sabata yotsatira.

Masiku amenewo Estina anasiya kupita kokachapa m'mawa. Azimayi a pa Chinyunyu amachapira kumunsi kwa akasupe otentha, kumene madzi amafika atazirala pang'ono, ndipo kumeneko nkhani zimachapidwa kuposa zovala. Akafika iye onse ankakhala chete, kenako wina n'kumufunsa mokoma kuti amuoneko mwana, maso ali pa chitenje cha kumiyendo. Mayi wina woyembekezera anachita kusamutsa beseni lake. Choncho Estina anayamba kupita masana, dzuwa likuswa mtengo, aliyense ali pamthunzi kwawo.

Tsiku lina anapeza mbuzi zitadetsa pamalo ochapira, ndiye anakwera chakumtunda, kuseri kwa bango, kumene sankapitako. Anangoti tulukiru, n'kuona nsapato zachinsalu zili pamwala, masokosi atayanikidwa pambali. Mwini wake anakhala atafulatira, nsalu atakwinyira m'mawondo, mapazi ali m'madzi ofunda. Manyazi anawasonkhanitsa awiriwa pa ola limodzi.

Madziwo anali oyera mbee, ndipo Estina anaona zonse. Zala za phazi lamanzere zinali zomatana zonse, za lamanja zitatu. Kuseri kwa bondo lotsimphina lija kunali kachingwe ka khungu, kakang'ono poyerekeza ndi ka Chipo, koma komweko ndithu.

Amai Kalekeni anatembenuka. Anagwetsa nsalu msangamsanga, koma madzi akatayika saoleka.

"Waona chani?"

"Naona, amai."

"Ninapsa na moto nili mwana."

"Moto sumata zala so, amai. Nizisambika tsiku na tsiku zala za so."

Anayang'anizana. Chipo anadzuka kumsana n'kuyamba kulira, ndipo maso a Amai Kalekeni anapita kwa iye kanthawi kochepa, n'kubwerera kumadzi.

"Ukakamba, ndani azakukhulupirira? Mkamwana wovula apongozi ake pagulu, olo kwanu sazakulandira."

"Sinifuna kukuvulani. Nifuna mwana wanga apite ku Lusaka na atate ake. Muwauze mweka ba Bornface, amai. Ine nizakhala chete mpaka kumanda."

"Choka apa."

Estina anachoka, matewera osachapa. Mtima wake unali ukuwira kuposa kasupe uja. Mayi ameneyu ankadziwa. Ankadziwa pamene ankamanga abakha, ankadziwa pamene ankatcha mdzukulu wake kabakha, ndipo anamusiya iye akudzidya mtima usiku ndi usana chifukwa cha ntchafu imodzi ya pa Khirisimasi. Komabe khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Kumuuza Bornface kunali kungotaya mawu, akanangoti akafunsa amai. Kunena pabwalo kuti apongozi avule nsapato kunali kutukwana kumene ngakhale amalume ake sakanamuikira kumbuyo. Anadikira, akuyembekeza kuti mwina apongoziwo alankhula. Masiku anatha, ndipo nsapato zinkangodutsa pabwalo phwa phwa ngati palibe chinachitika.

Loweruka linafika. Pansi pa mango paja panakhala a Fredrick, mlongo wawo wa Amai Kalekeni, amene anali nkhoswe ya kuchimuna, bambo wofatsa wokonda kuyang'ana pansi. Kuchikazi kunabwera ba Oswell, amalume ake a Estina, atapalasa njinga kuchokera ku Mpanshya, buluku atalimanga ndi luzi m'miyendo. Panalinso azimayi awiri achikulire a mumpingo ngati mboni. Bornface anakhala pa mpando wa ndalema, akusewera ndi kiyi wa loko ya njinga.

Amai Kalekeni analankhula nthawi yaitali. Anayambira pa bakha, n'kudzera pa kusamvera, n'kufika pa chitukwano cha tizitsime.

"Nifunseko," anatero ba Oswell atatha. "Uyu mwana wathu mwamupeza na mwamuna wina?"

"Iyai."

"Waba? Ni waulesi?"

"Iyai. Koma watibweletsela tsoka."

"Amai, m'mimba ni m'chipala. Chamene chituluka sitisankha. Mwana uyu ni wanu, onani mlomo wake chabe."

"Mlomo ni wathu. Miyendo ni ya bakha wake. Estina, kamba pamaso pa amalume ako, unadya kapena sunadye?"

"Ninadya, amai," anayankha Estina.

Azimayi a mumpingo aja anapukusa mitu. Ba Oswell anakanda m'mutu, popeza bakhayo anali wa khola lawo ndipo anamupha okha. A Fredrick anatsokomola, maso ali pa nyerere zimene zinkadutsa pafupi ndi phazi lawo.

"Pamene mitima yatentha so," anatero, "mwina mwana wathu apite akapumeko kwawo. Za kutsogolo tizaona."

Aliyense ankadziwa tanthauzo la kukapumako kumeneko. Ba Oswell anatembenukira kwa Bornface.

"Nanga mwini mkazi akuti chani?"

Bornface anatsegula pakamwa, anayang'ana mai ake, n'kutsekanso. Estina anamudikira, ndipo pamene kiyi uja anayambanso kulira m'manja mwake, anadziwa kuti watsala yekha. Mantha anali nawo, koma wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima.

"Navomera kupita," anatero atagwada. "Koma nipempha chimodzi. Kwathu mkamwana sachoka na mkwiyo wa apongozi kumsana. Awatsuka mapazi, ndiye apita. Niloleni nichite mwambo."

Ba Oswell anali atakhala zaka makumi asanu ndi limodzi pakati pa anthu a mtundu wawo wa Asoli, ndipo mwambo umenewu anali asanaumvepo chibadwire. Koma malume wanzeru amadziwa nthawi yogwedeza mutu.

"Ee, ni mwambo wathu uwo," anatero mwamphamvu. "Wakale maningi."

Estina anapatsira mwana amalume ake, n'kulowa kukhitchini. Anabwera ndi beseni la madzi ofunda, sopo ndi kansalu, n'kugwada patsogolo pa apongozi ake.

"Sinifuna," anatero Amai Kalekeni, mapazi atawabweza pansi pa mpando. "Za Chisoli izo ine sinizidziwa."

"Aa, amake Bornface, chavuta n'chani?" anatero mmodzi wa azimayi aja. "Mwana wadzichepetsa. Olo Ambuye Yesu anatsuka mapazi. Mulekeni apite na mtendere."

"Vomerani chabe, amai, nkhani ithe," anatero Bornface, mawu ake okhawo amene ankawadziwa bwino.

A Fredrick anasiya kuyang'ana nyerere ndipo anayang'ana mlongo wawo.

Estina anatambasula dzanja n'kugwira chingwe cha nsapato yamanzere. Sanakoke. Anakweza maso, n'kunong'ona kuti amve awiri okha.

"Amai, sinizamasula ine. Mukakana nizanyamula beseni langa nipite, na mwana azakula chokwawa. Muzamuona pamsewu tsiku lina, na mlomo wanu."

Chipo anali m'manja mwa ba Oswell, amene sankadziwa za lamulo la chitenje, ndipo anali atamuvundukula n'kumamuseweretsa timapazi poyera. Amai Kalekeni anayang'ana timapazito. Kenako anakankha dzanja la Estina, osati mwaukali, n'kuwerama. Anamasula okha chingwe, anavula nsapato, anavula sokosi, n'kuchitanso chimodzimodzi phazi linalo. Mapazi otuwa, ofewa ngati a khanda, analowa m'beseni.

Mayi wa mumpingo uja anagwira pakamwa. Bornface anaimirira, kiyi n'kugwa pansi, ndipo anayandikira ngati munthu amene akuona chinthu chogwa kumwamba. Anali ndi zaka pafupifupi makumi atatu, ndipo aka kanali koyamba kuona zala za mai ake.

"Amai," anatero. "Amai, n'chani ichi?"

"Ni mapazi. Sunaonepo mapazi?"

"Mlongo, muuze," anatero a Fredrick. "Muuze za Christine. Ine nalema kusunga."

"Christine, mlongo wanga, anafa na malungo nikali khanda," anatero Bornface. "Si mwamene munaniuzira?"

"Anafa na malungo, ee," anayankha Amai Kalekeni, maso ali m'madzi. Mawu awo anali ouma, opanda misozi. "Koma anafera m'nyumba, sanaonepo bwalo. Miyendo yake inali monga ya uyu. Zaka zisanu nimubisa kuchipinda, chifukwa ambuye ako a kuchimuna anati akatuluka azawathira manyazi. Anati ninadya bakha. Pamene anafa, iwe uli kumsana, atate ako ananiikira katundu panja. Ine bakha sininadyepo, Bornface. Mpaka lero sinidziwa mwamene amvekera."

"Ndiye munadziwa," anatero Estina. Sanayese kubisa mkwiyo. "Munadziwa kuti si bakha, munadziwa mwamene chiwawira, koma munanichita chomwecho ine."

"Ninafuna upite nako kutali, anthu asayambe kuyang'ana mapazi anga. Apa ninamanga dzina, ninali munthu."

"Na Chipo ni munthu."

Amai Kalekeni sanapepese, ndipo amene ankawadziwa sakanayembekeza kuti apepese pamaso pa anthu. Ba Oswell anapumira m'mwamba n'kunena chapansipansi kuti anyani sasekana zikundu, koma palibe anaseka. A Fredrick anati madzi saiwala khwawa, ndipo anaonjeza kuti amai awo omwe anali ndi tizitsime timeneti, ndi chala chimodzi chomatana.

Estina anatenga sopo. Anali atanena kuti atsuka, ndiye anatsukadi, phazi lililonse, mosamala monga ankachitira ndi mwana wake, kupukuta bwino m'mphepete mwa zala mmene mumasunga chinyezi. Sanachite zimenezi chifukwa choti wakhululuka, ayi. Mtima unali ukadali wowawa. Atatha anataya madzi patsinde pa mango n'kutenga mwana wake.

"Pa Mande nipita ku Lusaka," anauza bwalo lonse. "Kuchoka uko nizaona ngati nibwela kuno kapena kwa amalume. Wamene afuna kuti uyu ni mwana wake azanipeza pamsewu."

Lolemba m'mawa anafika pa siteji ya pamsika, mwana kumsana, kachikwama m'manja. Azimayi a tomato ndi chimanga chootcha anali atamva kale zonse, popeza mboni za mumpingo sizinagone nayo nkhani. Bornface anabwera pambuyo pake atavala malaya ake a kutchalitchi. Anamulanda kachikwama n'kuima pambali pake. Patapita nthawi anati, "Amake Chipo, wadya?" Estina anangogwedeza mutu. Dzinalo analimva, koma sanafune kuti mwamunayo aone ngati zatha mophweka choncho.

Minibasi inaoneka patali, ikutsika chitunda. Nthawi yomweyo phokoso la pamsika linazilala, mitu yonse n'kutembenukira ku kanjira kochokera kumudzi. Amai Kalekeni ankabwera, atavala duku latsopano ndi chitenje cha chigwirizano, akuyenda pang'onopang'ono, nkhope itakwinyika, chifukwa miyala ya m'mbali mwa msewu sichitira chifundo mapazi amene sanapondepo pansi. Nsapato analibe.

Anadutsa pakati pa mathandala osayang'ana kumanja kapena kumanzere. Azimayi amene ankawatcha a Misisi anayang'ana pansi, anaona, ndipo ena anayang'ana kumbali. Atafika pa Estina anakoka chitenje chimene chinakuta miyendo ya mwana.

"Kwatentha. Uzamupha na thukuta Chipo. Muleke apume."

"Amai, mwabwela kutiperekeza?" anafunsa Bornface.

"Kuperekeza ndani? Si anati dokotala afuna kuona mtundu?" Minibasi inaima, kondakitala n'kutsegula chitseko, ndipo Amai Kalekeni anaponda pa chitsulo chotentha ndi phazi lawo lomatana zala. "Mtundu wake ndine. Senderani uko, nikhale pa windo."